Kwa a Nduna ya Zamaphunziro: phunzitsani amene amakhala pafupi ndi ana athu kufunsa funso lovuta

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni kuchokera kuno ku Salima. Ine ndine mayi, mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo choko ndachigwira zaka zoposa 20. Chibadwire sindinalemberepo kalata munthu wa udindo ngati wanu. Chandikakamiza ndi maliro a mwana amene ndinamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, yemwe tinamuika m'manda ali m'chaka chachitatu ku yunivesite. Anadzipha. Dzina lake sinditchula, ngakhalenso sukulu imene ankaphunzira, chifukwa misozi ya makolo ake sinaume, komanso zimene zinamuonekera zikanatha kuchitika pasukulu ina iliyonse m'dziko muno.

Anali mwana wa msodzi wa cha ku Senga Bay. Tsiku limene mayina a osankhidwa anatuluka, mudzi wonse unakhamukira pakhomo pawo, amayi akuimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Bambo ake anagulitsa gawo lawo la chilimira. Mayi ake, amene amayanika usipa pathandala, anatenga ngongole ku banki m'khonde. Ine ndinamuperekeza kukagula sutikesi pa Kamuzu Road. Akukwera minibasi, agogo ake anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Iwe ndiwe maso athu." Anali mawu achikondi, ndipo tonse tinaombera m'manja. Palibe amene anaganizira kulemera kwa mawu amenewo pamutu pa mwana wa zaka 19 amene akupita kumalo kopanda mbale wake ndi mmodzi yemwe.

Zimene zinachitika m'chaka chachitatucho tinachita kuzilumikiza pambuyo pake. Lendi ya kachipinda kamene ankakhala kunja kwa kampasi inakwera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama kamene makolo ankamutumizira pafoni sikankafikanso ndi pakati pa mwezi pomwe. Anayesa mwayi pa juga ya kandege ka pafoni kuti apeze ya lendi, mapeto ake anadyetsa ndi ya chakudya yomwe. Anakatenga katapila. M'kalasi zinayamba kulowa pansi, analemba sapu, mayeso obwereza aja, sanakhoze. Ankadziwa kuti ali m'gulu la owidedwa, monga amanenera ophunzirawo akamakamba za ochotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso. Kunyumba sananene kanthu. Akanayambira pati kuuza bambo amene anagulitsa chilimira?

Anzake anabwera kumaliro pabasi. Usiku tikuchezera pasiwa, ndinakhala nawo pambali pa moto, ndipo mmodzimmodzi anayamba kumasuka. Amene ankagona naye chipinda chimodzi anati kwa milungu itatu mnzakeyo ankangogona masana, usiku n'kukhala maso, kusamba analeka, ndipo tsiku lina anamupatsa nsapato zake zabwino ndi kalikuleta, amvekere, "Tenga, ine sindizifunanso." Iye anangothokoza. Mtsogoleri wa kalasi yawo anati ankaona kuti sakubwera, koma ankamusainira pa pepala la opezeka m'kalasi poganiza kuti akumuteteza. Mtsikana wina anaona zimene analemba pa WhatsApp, zoti posachedwa anthu apumula naye, ndipo anamuyankha ndi kankhope koseka, poti mnyamatayo anali wanthabwala. Anzakewo anatinso mlonda wa pamalo amene mnyamatayo ankakhala ankamupeza atakhala panja pakati pa usiku, ndipo tsiku lina anauza mlondayo kuti, "Madala, anthu ngati ife tilibe ntchito padziko." Mlondayo anamuuza kuti akagone, kunja kukuzizira. Mayi amene ankamugulitsa nsima pangongole anaona kuti wasiya kubwera, koma anayesa kuti akuthawa ngongoleyo.

Nanenso ndili ndi mbali yanga, ndipo sindibisa. Kutatsala milungu iwiri anandiimbira foni madzulo. Anati, "Madamu, zinthu zandivuta. Ndatopa." Ine ndinali ndikuchonga mayeso, mulu uli apo. Ndinamuuza kuti alimbe mtima, mwamuna salira, apemphere, kwatsala chaka chimodzi chokha. Anati, "Zikomo madamu," n'kudula. Ndinagona ndi mtima woti ndamulimbikitsa. Lero ndikudziwa kuti mwana uja anagogoda pakhomo panga, ine n'kumuyankhira pawindo.

A Nduna, mwa anthu onsewa palibe woipa mtima. Aliyense ankamukonda, ndipo aliyense anali ndi kachidutswa ka nkhaniyo m'manja mwake. Chimene tinalibe tonse, kuyambira mlonda mpaka ine wa satifiketi ya uphunzitsi, ndi chidziwitso choti zimene tikuonazo n'zizindikiro, komanso mawu oti tinene tikaziona. Palibe anatiphunzitsapo. Pempho langa lagona pamenepa: lamulani kuti m'masukulu onse aukachenjede, aboma ndi omwe si aboma, ophunzira ndi ogwira ntchito aziphunzitsidwa chaka ndi chaka kuzindikira munthu amene akuganiza zodzipha, kumufunsa mosazungulira, ndi kumuperekeza kumene angathandizidwe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo masukulu athu akuyendera mwambi umenewu: ofesi ilipo, wavutika abwere. Pa matenda ambiri mwambiwu ndi woona, koma pa nthenda iyi umatisocheretsa. Munthu amene maganizo amupanikiza mpaka kulakalaka imfa amakhala atakhulupirira kale kuti iye ndi mtolo kwa aliyense, ndipo kuti kupempha thandizo n'kuwonjezera mtolowo. Mphamvu yodzuka kukagogoda pa ofesi sakhala nayo. Kuno kunyanja mwera ukauka usiku, asodzi sadikira kuti amene bwato lake lagubuduzika asambire yekha kudzanena kudoko. Amayang'anirana nyali. Nyali ya mnzawo ikazima mosadziwika bwino, amapalasa kulunjika komweko, ngakhale zitapezeka kuti mafuta okha ndiwo anatha. Mwana wathu uja nyali yake inali ikuzima anthu asanu ndi mmodzi tikuona.

Vutoli si la mudzi umodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo pakati pa achinyamata a zaka 15 mpaka 29, omwe ndi msinkhu wa ana athu a m'makoleji, kudzipha kuli m'gulu la zinthu zinayi zimene zikupha kwambiri. Pa chiwerengero cha bungweli cha 2019, chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo poyerekeza odzipha ndi kuchuluka kwa anthu. Kwathu kuno, mu 2020 apolisi analengeza kuti odzipha anachuluka ndi 57 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo ya 2019, ndipo ochuluka kwambiri anali amuna. Awo ndi okhawo amene nkhani zawo zinafika ku polisi. Ife a kumudzi timadziwa maliro angati amene amalengezedwa kuti "anadwala mwadzidzidzi" pofuna kubisa manyazi a banja.

Maliro aja atatha ndinasowa mtendere, mpaka ndinapita kwa namwino wina wodziwa za matenda a maganizo, amene timapemphera mpingo umodzi. Tinakhala pakhonde pake madzulo amodzi okha, ndipo zimene anandiphunzitsa zikanakwana pa pepala limodzi. Anati ndiziyang'ana kusintha: wokonda kucheza akayamba kudzipatula, tulo ndi chakudya zikasokonekera, mowa kapena chamba zikachuluka, munthu akayamba kugawa zinthu zake zokondedwa, kutsanzika mosadziwika bwino, kapena kunena kuti ndi mtolo. Anandichenjezanso za chinthu chimene sindikanachiganiza, chakuti munthu amene wakhala wokhumudwa nthawi yaitali akangoti phee mwadzidzidzi ngati mavuto atha, nthawi zina ndiye kuti wamanga kale mfundo mumtima. Ukaona zotere, umutengere poduka mphepo ndi kumufunsa. Akavomera, usadzidzimuke, usamulalikire, usamukumbutse za fizi imene makolo alipira. Umvetsere. Usalonjeze kusunga chinsinsi, koma umufunse munthu amene iye angakonde kuti adziwe. Usamusiye yekha usiku umenewo. Zinthu zimene angadzipweteke nazo zichotsedwe pafupi, makamaka mankhwala a m'munda ndi a mbewu amene ali m'nyumba zathu zambiri, poti WHO imati pa anthu asanu odzipha padziko lonse, mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo. Kukacha upite naye kuchipatala ndi miyendo yako, osangomulozera njira. Ndipo pakapita masiku umuyenderenso.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi funsolo. Chichewa chathu chimalemekeza pozungulira. Munthu samwalira, amatisiya. Mayi sakhala ndi mimba, amakhala woyembekezera. Ndiye pa nkhani iyi timati, "Usachite zopusa, wamva?" ndipo mwanayo amayankha kuti, "Ayi, ndili bwinobwino," nkhani n'kuthera pomwepo. Namwinoyo anandiuza kuti ndinene mawu enieniwo: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Ndinakana. Ndinati kumeneko n'kumuika mwana maganizo amene analibe, mwinanso kumulodza ndi pakamwa. Iye anati akatswiri anafufuza kale mantha amenewo kambirimbiri, ndipo anapeza kuti kufunsa sikudzala maganizo odzipha mwa munthu, m'malo mwake ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Anandiuza kuti ndibwereze funsolo pamaso pake mpaka lilime litazolowera. Ulendo woyamba mawu anakanirira pakhosi.

Patapita miyezi, mtsikana wina wa Fomu 4 anayamba kukhala kumbuyo kwa kalasi ali ndwii, ndipo ndinamva kuti wagawira anzake makope ake a notsi mayeso asanafike. Ndinamuitana pansi pa mtengo ana ena ataweruka. Mtima ukugunda, ndinamufunsa funso lija monga momwe lilili. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwetsa misozi n'kunena kuti, "Eya madamu, kuyambira mwezi watha." Anasankha yekha kuti tiwauze azakhali ake. Usiku umenewo anagona kwa azakhaliwo, ndipo m'mawa tinakwera kabaza atatu kupita kuchipatala chachikulu cha boma pano pa Salima. Mayeso a MSCE analemba. Mavuto a kwawo sanathe onse, koma ali moyo, ndipo akandiona pamsika amandithamangira. Ine ndi yemwe uja amene ndinayankha mnyamata uja kuti mwamuna salira. Kusiyana kwake ndi madzulo amodzi a pakhonde paja.

N'chifukwa chake sindikuvomereza kuti maphunzirowa ndi okwera mtengo kapena ofuna madigiri. Ku America kuli maphunziro otchedwa QPR, amene anayamba mu 1995, ndipo amatenga ola limodzi kapena awiri. Ena otchedwa ASIST, ochokera ku Canada, amatenga masiku awiri. Pafupi pompano ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa zipatala za mu Harare ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, chomwe ife timati kuganiza kwambiri. Ntchitoyo imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala ankapezadi bwino. Ngati agogo a ku Harare anatha, mlonda wa ku Bunda kapena wophika wa ku Mzuzu angalephere bwanji? Aphunzitsi ake tili nawo kale. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS imasula madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo, koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa aphungu a zamaganizo, ndipo ku Zomba kuli ophunzitsa za kaganizidwe ka munthu. Chofunika n'choti akhale pansi alembe maphunzirowa mu Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Mwana akhoza kulemba mayeso m'Chingerezi, koma akasweka mtima amalira m'chilankhulo cha amayi ake.

Nkhani yaikulu ndi yakuti aphunzitsidwe ndani. Mwachizolowezi mudzauzidwa kuti ayambe ndi akuluakulu a ofesi yoyang'anira ophunzira ya Dean of Students ndi atsogoleri a madipatimenti. Nawonso aphunzire ndithu. Koma iwowa amaweruka dzuwa lisanalowe, pomwe maganizo oipa amakula usiku. Pakati pa usiku amene ali maso ndi mlonda. Amene amadziwa kuti mwana sanadye masiku awiri ndi mayi wa kukhitchini kapena wa kamalo kodyera kunja kwa geti. Amene amaona bedi losayalulidwa ndi mnzake wa m'chipinda, kapena mayi wosesa. Onjezerani atsogoleri a makalasi, a bungwe la ophunzira, a magulu a mapemphero achikhristu ndi achisilamu, a matimu a mpira, ndi a mulaibulale. Musaiwale eni nyumba za lendi zozungulira masukulu, chifukwa ophunzira ambiri masiku ano sagona m'mahositelo a sukulu, ndipo sukulu siidziwa n'komwe kumene amagona. Mayaro, ana a chaka choyamba aja, alandire phunziroli mlungu woyamba womwewo akamaonetsedwa malo, ndipo libwerezedwe chaka chilichonse, poti chimene munthu wamva kamodzi chimazilala. Ogwira ntchitowo nawonso ndi anthu. Mphunzitsi wa ku yunivesite amene malipiro ake amathera ku ngongole tsiku lomwe alowa, kapena mlonda amene banja lake likutha, akusowanso womufunsa.

Pano ndilankhule ngati munthu wa ku Salima. Ife timaona magalimoto a boma ndi a mabungwe akutsika mumsewu wa ku Lilongwe mlungu ndi mlungu kupita kumalo ogona alendo a ku Senga Bay. Timadziwa mmene mawekishopu ambiri amayendera: anthu omweomwewo, zikwama zatsopano, chambo masana, alawansi Lachisanu, lipoti n'kukalowa m'kabati. Alendowo timawalandira ndi manja awiri, ndipo amatigula nsomba ndi ziboliboli. Koma ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti maphunziro awa asabwere kunyanja kuno. Achitikire m'makalasi a masukulu omwewo, m'holo yodyera, pakhonde la hositelo, ndipo alonda aphunzitsidwe pa nthawi imene iwo angathe, osati kuwaitana m'mawa atachezera usiku wonse. Ndalama yogonetsa anthu 30 kunyanja masiku asanu ikhoza kufikira anthu mazanamazana ngati wophunzitsayo ndiye wayenda kuwatsatira. Pofunsa mmene ntchito yayendera, musafunse kuti misonkhano inachitika ingati. Funsani kuti alonda angati, ophika angati ndi ophunzira angati anena funso lija ndi pakamwa pawo.

Komabe kufunsa kopanda kopita nako ndi kumutsegula munthu bala n'kumusiya. Wophunzira akavomera kuti inde, mnzakeyo apite naye kuti, pa 11 koloko usiku Loweruka? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo madokotala a nthendayi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu a m'dziko muno. Choncho sukulu iliyonse ikhale ndi phungu wa zamaganizo wolembedwa ntchito yokhayo, osati mphunzitsi wongomuwonjezera udindo pamwamba pa makalasi ake. Chipinda chake chisakhale khomo limodzi ndi ofesi yopereka chilango, chifukwa mwana sangakaulule zakukhosi pamalo pomwe mnzake anachotsedwera sukulu dzulo. Pakhale nambala ya foni imene imayankhidwa usiku, yomatidwa kuseri kwa chitseko cha chipinda chilichonse. A YONECO anationetsa kale ndi nambala yaulere ya ana ya 116 kuti zoterezi n'zotheka m'Malawi. Ndipo sukulu iliyonse igwirizane ndi chipatala cha boma chimene ili nacho pafupi, adziwane mayina ndi anamwino a kumeneko tsoka lisanagwe.

Chida chokakamizira muli nacho kale m'manja. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limayendera ndi kuvomereza masukulu aukachenjede. Likamawerenga mabuku a mulaibulale ndi zimbudzi, liziwerenganso aphungu ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo sukulu yopanda zimenezi isavomerezedwe. Mayunivesite a boma a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST ayambe, kuti masukulu a mipingo ndi a anthu wamba asapeze pozembera. Mukambiranenso ndi anzanu oyang'anira makoleji a ntchito zamanja, a zaumoyo ndi a uphunzitsi. Kuno tili ndi Salima Technical College, ndipo achinyamata ophunzira kumeneko mitima yawo ndi yofanana ndi ya anzawo a ku Zomba.

Pali nyengo zina zimene ngozi imakula, ndipo sukulu zimazidziwa chifukwa zili pa kalendala yawo. Yaikulu ndi tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso. Lero mwana amatsegula foni ali yekha m'chipinda, n'kuwerenga mzere umodzi womuuza kuti zaka zitatu zapita m'madzi. Sindikunena kuti olephera azikhozetsedwa. Ndikunena kuti uthenga wochotsa munthu sukulu uziperekedwa ndi munthu, pamaso, pali wina womufotokozera njira zimene zatsala: kuchita apilo, kubwereza, kusintha kosi, kapena kuyamba zina. Afunsidwenso kuti kunyumba akanena bwanji, ndipo ngati akuopa, sukulu imuthandize kulankhula ndi makolo. Chimodzimodzi amene dzina lake silinatuluke pa ngongole ya sukulu, amene waletsedwa kulowa m'chipinda cha mayeso chifukwa cha fizi, mtsikana amene watenga mimba kapena amene zithunzi zake zamwazidwa pa intaneti, ndi amene akuvutitsidwa ndi wamkulu wofuna chibwenzi posinthana ndi malikisi. Palibe chinthu chimodzi chimene chimachititsa munthu kudzipha, zimachita kuunjikana. Koma pa nthawi zoterezi ndi pamene munthu wophunzitsidwa ayenera kukhala pafupi.

Ndikhudzeko za lamulo. Gawo 229 la Penal Code, buku la malamulo a milandu limene tinalandira kwa atsamunda, linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo anthu akhala akutengeredwa kukhoti atangotuluka m'chipatala. Mantha amene lamuloli linadzala ndi aakulu. Wophunzira angaulule bwanji, ndipo mnzake angakanene bwanji, ngati mapeto ake akhoza kukhala chitolokosi? Ghana inachotsa mlandu woterewu mu 2023, ndipo mu Januwale 2025 khoti lalikulu la ku Kenya linagamula kuti lamulo lofanana nalo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Mukakhala pamodzi ndi nduna zinzanu, imani kumbali yakuti wodwala asamatchedwe wamlandu. Ndipo zimene zili m'mphamvu yanu chitani lero: lemberani masukulu onse kuti wophunzira amene wapulumuka azipita kwa namwino, osati ku polisi kapena ku komiti ya chilango, ndipo malo ake a sukulu azimudikira mpaka atachira.

Tsoka likagwa, otsala nawonso amafuna chisamaliro. Mayi a mwana uja anamva za imfa yake kwa mnansi amene anaona chithunzi pa Facebook, sukulu isanaimbe foni. Mauthenga ofotokoza mmene zinachitikira anayenda m'magulu a WhatsApp tsiku lonse. WHO, m'malangizo ake a LIVE LIFE a 2021, inaika kafalitsidwe kosamala ka nkhani zoterezi pakati pa njira zinayi zikuluzikulu zopewera, chifukwa kufotokoza njira ndi kumwaza zithunzi kumakoka ena amene ali kale pamphepete. Zimenezi zilowe m'maphunzirowa. Mnyamata amene analandira nsapato uja anabwerera kukagona m'chipinda chomwecho mlungu womwewo, ndipo palibe anamuitana kudzamufunsa mmene akumvera. Mpaka lero amandiimbira, ndipo funso lake ndi limodzimodzi: akanakana nsapatozo, kodi mnzake akanakhala moyo?

Mudzamva ena akunena kuti ana a masiku ano ndi ofooka, ife tinkayenda wapansi mitunda yaitali osadandaula. Ine ndine wa m'badwo umenewo, ndipo ndikukumbuka maliro a m'mudzi mwathu amene ankachitika mwakachetechete, opanda nyimbo za mpingo, ana tikuuzidwa kuti tisafunse. Nthendayi inalipo, tinkangoikwirira. Ena adzati mankhwala ake ndi pemphero. Ine ndimapemphera, ndipo ndaona abusa, ansembe ndi mashehe a kuno akutonthoza anthu kuposa wina aliyense. Iwowa aitanidwe, akhale m'gulu la oyamba kuphunzitsidwa, poti ndi kwa iwo kumene ambiri amayamba kuthawira. Mwana akadwala malungo timamupempherera tili naye pa kabaza kupita kuchipatala. Wodwala maganizo tizimuchitira chimodzimodzi, osamutcha wa ziwanda kapena wamisala, mawu amene amatseka pakamwa anyamata ambiri.

Pa 10 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za kupewa kudzipha, ndipo mwina mudzaitanidwa kukalankhula. Ndingakondwe tsikulo mutadzanena chiwerengero cha anthu amene aphunzitsidwa pasukulu iliyonse, ndi tsiku limene otsalawo adzaphunzitsidwe.

Chaka chino ana awiri a pasukulu yathu asankhidwa kupita ku yunivesite, mnyamata ndi mtsikana. Ndakhala nawo pansi, ndawaphunzitsa zimene namwino uja anandiphunzitsa, ndipo makolo awo ndawapempha kuti powatsanzika awauze kuti ngakhale zitakanika, pakhomo ndi pawo ndithu, abwere. Mayi a mnyamatayo anali nawo pamaliro aja. Dzana anandipeza pamsika, anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kumeneko mwana wanga akadzasokonezeka maganizo, adzamuona ndani?" Ndinawauza kuti ndilembera a Nduna, ndipo ndikamva yankho ndidzawafikira kunyumba. Anawo anyamuka sukulu zikatsegulira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sekondale,
Salima